Kalata kwa mwana wanga wopita ku Zomba

Chinyonga, Blantyre

Mwana wanga wokondedwa,

Kalatayi ndaika pansi pa zovala zako kuti ukaiwerenge ukafika, chifukwa pakamwa ndikanangolira. Azakhali ako anaimba foni usiku wa Lachiwiri: msuweni wako amuchotsa sukulu ali m'chaka chomaliza. Akuti anakopera ntchito ya munthu wina pa intaneti n'kulembapo dzina lake, ndipo manambala ena a m'kafukufuku wake aphunzitsi atawalondola sanawapeze paliponse. Mbuzi zonse zija anagulitsa azakhali ako kuti alipire fizi! Chimvereni zimenezi tulo sindikutiona.

Iwenso ukukaphunzira za kakhalidwe ka anthu, maphunziro otsamira pa zimene ena anafufuza. Ndiye tamvera. Sabata yoyamba yomweyo ukalowe mulaibulale ya pa University of Malawi, ukapeze tebulo pamene pamakhala wothandiza ofufuza, ukamupatse moni. Ntchito yake ndi yomweyo: iwe umuuza funso lako, iye akulozera buku kapena lipoti loyenera, n'kukuonetsa katchulidwe ka mwini wake. Manyazi ako aja, oti ngakhale mchere kwa aneba sungapemphe, uwasiye kuno ku Chinyonga. Ufunsenso za gawo la Malawiana, kumene amasunga zolembedwa za dziko lathu. Msuweni wako akanangofunsa, bwenzi chaka chino tikuvina.

Iwe uli ndi mwayi, Zomba ili ndi zonse. Ukafuna chiwerengero cha anthu usatole pa WhatsApp. National Statistical Office ili komweko, ndi amene anawerenga anthu oposa 17.5 miliyoni mu 2018. Makalata akale a boma ali ku National Archives, yomwe inayamba mu 1947, komwekonso. Ukatenga ganizo m'buku la John McCracken la mbiri ya Malawi, ulembe dzina lake, chaka ndi tsamba nthawi yomweyo, usadikire mawa.

Ine ndili mtsikana tinkafufuza mabuku pamakadi a m'madilowa mulaibulale ya m'tauni muno, zala mpaka kuda ndi fumbi, kenako n'kukopera ndi dzanja mpaka atatseka. Zinali zotopetsa, koma chilichonse ndinkadziwa kumene ndachitenga. Unabadwa wokonda kufunsa iwe, unkatitopetsa nazo. Usasiye lero.

Uzigona m'neti, uzidya, kutchalitchi usajombe. 

Koma za msuweni wakozi. Nayenso sanali mwana woipa, nthawi inangomuthera, n'kuchita mantha. Tsiku lotere lidzakufikira iwenso. Chonde mwana wanga, likadzafika upite kwa aphunzitsi ukapemphe masiku ena, upite kulaibulale, undiimbire ngakhale pakati pa usiku. Ubwere ndi malikisi ochepa, ndidzakulandira. Koma ndakugwira mwendo, usadzalembe dzina lako pa ntchito ya munthu wina.

Ndine mayi ako.