Lamba wa ku jimu si womanga tsiku lonse

Ku jimu komwe ndimanyamulako zitsulo kuli anyamata amene amamanga lamba akangolowa pakhomo, n'kudzamasula popita kwawo. Amakhala naye ponyamula tizitsulo ta m'manja, pokamwa madzi, ngakhale pojambulitsa zithunzi za pa Facebook. Ukawafunsa amati akuteteza msana. Ine ndimada nawo nkhawa, chifukwa munthu akakhulupirira kwambiri kachikopa kameneka amayamba kuwonjezera zitsulo zimene thupi lake silinazikonzekere.

Lamba sachirikiza msana ngati mmene mzati umachirikizira denga. Ntchito yake yaikulu ili kutsogolo. Usananyamule umakoka mpweya wambiri mpaka m'mimba, n'kuugwira, kenako umalimbitsa mimba ngati kuti wina akufuna kukumenya chibakera. Mimbayo ikamakankha kunja imakumana ndi lamba, ndipo m'kati monse mumalimba ngati tayala lopopedwa bwino. Kulimba kumeneko ndiko kumathandiza kuti msana usapindike chitsulo chikamalemera. Kwa munthu amene sanaphunzire kupuma chonchi, lamba amangomufinya nthiti basi.

Ine ndimamanga pa sikwati, pa deadlift ndi pokweza chitsulo pamwamba pa mutu nditaimirira. Apanso si nthawi zonse, koma chitsulo chikafika cha m'ma 80 peresenti ya zimene ndingathe kunyamula kamodzi kokha. Ngati malire anu pa deadlift ndi makilogalamu 100, lamba ayambe kuoneka pa 80 kupita m'mwamba. Zotenthetsera thupi, pa 40 kapena 60, chitani opanda lamba kuti mimba ndi msana zizolowere kudzigwira zokha. Kwa amene amanyamula zitini za simenti kuseri kwa nyumba, zosadziwika kulemera kwake, muyeso ndi uwu: ngati mukutha kunyamula kakhumi osavutika, lambayo mupachikeni kaye.

Pomanga siyani kampata koti chala chilowe, apo ayi mpweya usowa kolowera. Pa mipikisano ya powerlifting salola lamba wopitirira masentimita 10 m'lifupi, ndipo kwa munthu wamfupi ngakhale ameneyo amaluma nthiti ndi mafupa a m'chiuno. Mukangotsitsa chitsulo, masulani.

Chimene anyamata sakonda kumva n'chakuti kugwira mpweya uku kumakweza BP kwa kanthawi, ndipo lamba amawonjezera. Mu 2016, mumzinda wa Leeds ku England, Eddie Hall ananyamula makilogalamu 500 pa deadlift atamanga lamba wake bwinobwino, koma atangotsitsa anakomoka, magazi akutuluka m'mphuno. Ameneyo ndi katswiri wa zaka zambiri. Bambo kapena mayi amene akumwa mankhwala a BP akambirane ndi dokotala asanaganize n'komwe za zitsulo zolemera. Ndipo ngati msana ukupweteka kale, lamba si mankhwala, ululuwo ukufunika kuchipatala.

Mwezi watha mng'ono wanga, amene wangoyamba kumene jimu, anandipempha ndalama ya lamba. Ndinamuuza kuti achite sikwati ndi chitsulo chopanda kanthu ine ndikuonerera. Zidendene zinanyamuka, msana unapindika ngati uta, mpweya anautulutsa asanafike n'komwe pansi. Tinagwirizana kuti tidzakambirana za ndalamayo akadzachita zisanu zowongoka, ndipo mpaka lero akadali pa zitatu.