Canga si Canga

Mu 2024 malaiti anasanduka mlendo ku Mtendere. Mvula inakana, boma linalengeza mu February kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse, ndipo madzi a ku Kariba anatsika kwambili. Pofika September malaiti anali kubwela maola atatu cabe pa tsiku, kambili usiku anthu ali m'tulo. Aliyense anabwelela ku mbaula. Malasha anakwela mtengo, cakuti amalume anga, amene kale anali kugulitsa tomato, anayamba kuocha malasha kumbali ya Chongwe ndi kuwabweletsa mu Lusaka pa njinga.

Tsiku lina anafika ndi masaka atatu kumbuyo kwa njinga ndi cisote caubweya m'thumba la jekete. Mtengo umene anagwetsa unali ndi mphako, ndipo m'mphakomo munali cisa ca masamba. Make anathawa mtengo ukugwa. Amalume anayembekeza mpaka mdima koma sanamuonenso, ndipo anadziwa kuti kamwanako akakasiya pansi, agalu kapena linthumbu likamaliza kusanace.

M'cisotemo munali kanthu kotuwa kokwana m'dzanja langa limodzi, ka maso aakulu, makutu opyapyala ngati pepala ndi mcila wautali kuposa thupi.

"Ni flying squirrel! Nakaona pa TikTok!" anakuwa mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 11.

Amai, amene anakulila ku Katete, anakayang'ana kamodzi cabe. "Uyu ni canga."

"Iyai Amama, ni canga ine! Ndine nayamba kukaona."

Tinaseka tonse. Dzina la nyamayi ndi liu lomwe timakamba polimbilana cinthu, ndipo m'nyumba mwathu, mmene ngakhale bulangeti ndi la anthu awili, liu limenelo silimveka kawili-kawili.

Agologolo amene mlongo wanga anaona pa TikTok ndi a ku America. Sauluka monga mbalame: ali ndi cikopa coyambila ku dzanja kufika ku mwendo, akadumpha amacitambasula ndi kutsetseleka mumphepo mpaka pa mtengo wina. M'nkhalango za ku North-Western kuli kanyama kocita cimodzi-modzi. Koma canga alibe cikopa cimeneco, ndipo si gologolo. Ndi wa mtundu wa apusi ndi anyani. Mukatambasula dzanja lake mumapeza zala zisanu ndi zikhadabo zophwathalala ngati zanu.

Ine ndinali nditamaliza Grade 12 caka cathaco, ndalama ya koleji kulibe, nchito kulibe. Amai anali kuuka m'mamawa kukazinga vitumbuwa, mlongo wanga anali pa sukulu. Conco nchito yolela inagwela ine popanda wina kukamba.

Ku chalichi kwathu kuli mtsikana wamkulu kwa ine amene aphunzila udokotala wa nyama pa UNZA. Ndinamutumila zithunzi, ndipo madzulo omwewo anabwela kucoka ku Kalingalinga ndi silinji ing'ono ya 1 ml yopanda nyeleti. Asanakambe za cakudya anakagwila pamimba. Kanali kozizila.

"Usakapatse ciliconse kakali so," anati. "Kamwana kozizila sikagaya cakudya. Mkaka umangokhala m'mimba, kafa."

Tinawilitsa madzi pa mbaula, kuwathila m'botolo, kuliveka sokosi ndi kuliika m'katoni pansi pa citenge cakale ca amai, mbali imodzi cabe kuti kakamva kutentha kazitha kusendela. Patapita ola kanayamba kugwedeza makutu. Pamenepo m'pamene tinakapatsa madzi ofunda osakaniza ndi ORS, uja timamwa tikatsegula m'mimba, dontho limodzi-limodzi.

Malamulo ake anali ocepa, ndipo ndimawakumbukila onse. Mkaka wa ng'ombe ayi, cifukwa umakatsegula m'mimba, ndipo kanthu kocepa conco kakatsegula m'mimba kamauma m'maola ocepa. Popeza canga ndi m'bale wa pusi, mkaka wokamwetsa ndi uja wa m'citini wa makanda a anthu. Uzikhala wofunda, woyesela pa mkono. Pokamwetsa kazikhala cilili kapena cafufumimba, osati cagada, ndipo silinji isakankhidwe. Dontho lizikhala pa mlomo, iko kanyambite kokha. Mkaka ukatulukila m'mphuno ndiye kuti walowa njila ya mpweya, ndipo ukafika m'mapapo kamadwala cibayo. Kakamaliza kumwa, kukapukuta kumunsi ndi thonje lonyowa madzi ofunda, monga make amakanyambitila, kuti kakodze. Ndipo kusamba m'manja ndi sopo tisanakagwile ndi titakagwila, cifukwa matenda a anthu ndi a apusi amapatsilana mosavuta.

Atanyamula cola cake anaonjezela cinthu cimodzi. "Koma udziwe, aka si kako. Ukakalela bwino, kazayenda."

"Namvela, ba sisi," ndinayankha. Maso anga anali m'katoni.

Tinakapima pa sikelo ya mai wina wophika makeke: magalamu 70. Canga wamkulu amapitilila kilo imodzi. Kuti kafike kumeneko kanafunika kumwa pa maola atatu alionse, usana ndi usiku. Foni ndinali kuichaja pa kantemba ka sola kuti alamu isafe. 23:00, 02:00, 05:00. Nthawi iliyonse kukoleza mbaula panja, kufunditsa madzi, kusungunula mkaka watsopano cifukwa wopanda filiji suyembekeza, kusintha botolo, kumwetsa, kupukuta, kutsuka silinji. Kumwetsa kokha kunali kutenga mphindi 20 pa mkaka wosakwana supuni. Kakamva njala kanali kulila "tsik, tsik" ngati munthu akuyamwa dzino, ndi kugwila cala canga ndi manja onse awili. Citini cimodzi ca mkaka cinadya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo. Amai anangoti, "Tizadya soya," nkhani n'kutha.

Mu komboni palibe cimene cimabisika. Mtsikana wa zaka 19 agula mkaka wa makanda, akoleza mbaula 02:00, maso ali gwa usana wonse. Sabata isanathe nkhani inali itazungulila pa pompi kuti ndinabeleka mwakabisila ndipo amai akubisa mwana. Mai wina wa pa yadi pathu anabwela kudzabweleka mcele umene sanali kuufuna, maso ali ku cipinda. Amai anamutengela katoni ndi kuitsegula pamaso pake.

Tinaganiza kuti nkhani yatha, koma inangosintha. Kumudzi anthu amadziwa kuti canga wamkulu amalila usiku ngati khanda, ndipo maso ake amawala mukamuunika ndi toci. Kwa ena zimenezo n'zokwanila. Zinayamba kumveka kuti amai asunga kanyama kokokela makasitomala. Vitumbuwa vimene vinali kutha 09:00 vinayamba kufika masana. Ana ena analetsedwa kusewela ndi mlongo wanga. Maso a canga amawala cifukwa kuseli kwa diso kuli kacikopa kobweza kuunika, monga kwa cona ndi galu, kuti aziona mumdima. Ndinafotokozela aliyense amene anafuna kumva, koma ofuna kumva anali ocepa.

Mu October kunabwela bambo wina amene sitinali kumudziwa. Anati wamva kuti tili ndi kanyama, ndipo anaika K800 pa tebulo. Sanakambe ngati anali kukafunila mankhwala kapena kukagulitsa kwa anthu a kumayadi. Lendi inali itatsala masiku asanu ndipo ndalama inali yosakwana. Ndinayang'ana amai. Iwo anayang'ana ndalamayo nthawi yaitali ndithu, ndipo sindikanawaimba mlandu akanaitenga.

"Tate, tengani ndalama yanu," anati. "Sitingagulise cinthu camene si cathu."

Mwezi umenewo amai anakongola ku cilimba.

Mau awo anali ogwilizana ndi lamulo, ngakhale sanaliwelengepo. Zambia Wildlife Act ya 2015 imati nyama iliyonse yakuthengo m'dziko muno ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, ndipo kuisunga kapena kuigulitsa popanda cilolezo ndi mlandu. Oyang'anila zimenezi ndi a Department of National Parks and Wildlife, amene likulu lawo lili ku Chilanga. Tinali titagwilizana kale ndi mtsikana wa pa UNZA uja kuti kakangosiya mkaka tidzakapeleka kumeneko.

Kusiya mkaka kunabwela pang'ono-pang'ono. Coyamba kananyambita nthoci yofinya pa cala. Pambuyo pake papaya. Kuthengo canga amadya zipatso, tizilombo ndi utomoni wa mitengo ya minga monga mthethe, ndipo mano ake akutsogolo a m'munsi anandandalikana ngati cisakulo kuti azikokotela utomoniwo pa khungwa. Amalume anayamba kubweletsa utomoni m'kapepala pamodzi ndi malasha. Tsiku loyamba kanaununkhiza, n'kuyamba kuukokota ndi mano aja, palibe amene anakaphunzitsa. Mlongo wanga anakhala wosaka ziwala ku bwalo la mpila. Mphemvu tinaletsa, cifukwa m'nyumba za mu komboni zambili zimakhala zitadya poizoni.

Mvula yoyamba itagwa mu November, inswa zinatuluka. Tinaika kandulo m'beseni la madzi panja, ndipo tisanakazinge zathu tinapatula zamoyo m'kapu. Kanali kuzigwila ndi dzanja mwaliwilo lakuti diso silinali kuona, makutu akupindika ndi kutambasuka lililonse palokha kutsatila phokoso la mapiko. Masuku atayamba kufika pa msika kanasiyilatu kuyang'ana silinji.

Apa m'pamene nyumba inayamba kucepa. Usana wonse kanali kugona, mcila utakulunga mutu. Dzuwa likangolowa kanali pa mitanda ya denga, pa khatani, pa shelufu ya mbale. Makapu awili anasweka. Kanayamba kukodzela m'manja mwake ndi kupukutila ku mapazi, cizolowezi ca acanga cosiyila fungo lawo paliponse pamene apita, ndipo cipinda cathu cinanunkha cakuti sopo analephela. Usiku wina kanaluma mlongo wanga pa cala pamene anafuna kukacotsa pa windo, ndipo m'mawa mwake tinapita naye ku kiliniki. Sikanali kaukali. Kanali kufuna kutuluka, ndipo kunja kunali agalu, mawaya a magetsi, anyamata a malegeni ndi mtengo umodzi wa mango pa mayadi asanu.

Mavidiyo a pa TikTok amathela pa silinji ndi tumaso tokongola. Saonetsa nyama ya usiku ikuzungulila cipinda cimodzi mpaka kuca. Ine ndinali kuiona ndili gone, ikuyenda mtanda womwewo kupita ndi kubwela, ndipo ndinadziwa mmene imamvela, cifukwa nanenso ndinali nditatha caka ndikuzungulila m'nyumba yomweyo. Kwa miyezi itatu ndinali ndi cifukwa coukila, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga cinthu camoyo kudalila ine ndekha. Mtima wanga unali kufuna kukamba monga mlongo wanga tsiku lija. Koma nchito yonse imene ndinagwila, dontho lililonse, inali yokakonzela moyo umene ine sindingakhalemo.

Kuciyambi kwa December tinakaika m'katoni yoboola-boola, tinaiphimba ndi citenge kuti mukhale mdima, ndipo tinakwela minibasi ya ku tauni, kucoka apo ina ya pa Kafue Road. Kondakitala anafunsa ngati ndi nkhuku. Ndinati inde. Ku Chilanga tinafotokoza kumene kanacokela, zimene kanali kudya ndi tsiku limene kanasiya mkaka, zonse zinali m'buku langa lakale la Biology. Ndinasiya citenge ca amai m'katonimo cifukwa cinali ndi fungo lake. Pobwelela mlongo wanga sanakambe ciliconse mpaka pa Kafue Roundabout, pamene anapempha kuti timugulile cimanga cooca.

Ngati tsiku lina kamwana ka nyama yakuthengo kafika m'manja mwanu, coyamba si mkaka. Canga amasiya mwana pa nthambi akapita kukadya ndipo amabwela kudzamunyamula pakamwa, conco kamwana kamene mwakapeza kokha nthawi zambili si kamasiye. Kaikeni pamalo okwela pafupi ndi pomwe mwakapeza dzuwa likamalowa, cokaniponi, muone ngati make abwela. Akapanda kubwela, kafunditseni ndi kufuna a zanyama zakuthengo kapena dokotala wa nyama mwamsanga. Ndipo musagule kwa ogulitsa m'mbali mwa mseu, olo kakumvetseni cifundo bwanji, cifukwa ndalama yanu ndiyo imawatuma kukatenga kena.

Amalume akali kuocha malasha ndipo ife tikali kuphikila. Amati masiku ano amayamba agogoda mtengo ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, ukamveka wamphako amausiya, ndipo amafulumila kuonjezela kuti mtengo wamphako sutulutsa malasha ambili. Makasitomala a vitumbuwa anabwelela mmodzi-mmodzi, popanda wopepesa. Panatsala citini cimodzi ca mkaka cosatsegula. Mu January mwana wamkazi wa mai uja wobweleka mcele anabeleka, mkaka wa m'mawele unacedwa kubwela, ndipo amai anandituma kukacipeleka.