Ndere za pa khoma la kumpoto

Pamene tinkalowa m'nyumba yathu ya ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, tinkaganiza kuti ntchito yopaka laimu tinayisiya kumudzi. Makoma ake kunja ndi okutidwa ndi timatabwa tapulasitiki tatitali, togonekedwa mopingasa kena pamwamba pa kanzake. Kuno amati vinyl siding. Ndi pulasitiki wa PVC, yemwe uja wa mapaipi a madzi, ndipo ku America anayamba kumangira nyumba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Sachita dzimbiri, chiswe sichimudya, safuna penti. Amene anatigulitsa nyumbayo anati mvula izitichapira yokha, ife n'kuvomera.

Chaka chachiwiri khoma la kumpoto linayamba kubiriwira ngati mwala wa pamtsinje. Tinadabwa kuti bwanji mbali imeneyi yokha. Kwathu m'mwezi wa June dzuwa limapendekera kumpoto, choncho khoma lozizira limakhala la kumwera. Kuno n'zotembenuka: dzuwa limadzera kumwera, ndipo khoma la kumpoto limakhala pamthunzi pafupifupi tsiku lonse. Kuwonjezera apo pali chinyezi cha m'chilimwe ndi mtengo waukulu umene uli pafupi ndi zenera. Fumbi, mungu ndi utomoni zikamatirira pa pulasitiki wonyowa, ndere zapeza pokhala.

Lamlungu lina m'mawa tinabwereka makina opopera madzi mwamphamvu. Ntchito inkakoma, ndere zinkachoka pompopompo, ana akuwomba m'manja. Popeza tinalibe makwerero, tinkaima pansi n'kumalozetsa madzi m'mwamba. Apo ndi pamene tinalakwa.

Patatha milungu itatu, chipinda cha mwana wathu wachiwiri chinayamba kumveka fungo la chinyontho. Mnyamatayu ali ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono, koma inali itakhala phee kwa nthawi yaitali. Tsopano anayamba kutsokomola usiku uliwonse, pachifuwa pakulira ngati kamphaka, mankhwala opopera m'kamwa akutha msanga. Usiku wina anatidzutsa: "Amayi, mpweya sukulowa bwino." Kuchipatala dokotala anafunsa ngati kunyumba kuli nkhungu. Tinakana ndi mtima wonse, pajatu ndife omwe timaimirira pamaso pa anzathu n'kumaphunzitsa za ukhondo ndi mpweya wabwino. Titabwerera tinasuntha bedi. Kunsi kwa zenera kunali banga lakuda lalikulu ngati mbale ya nsima. Mmisiri atadula khoma la m'kati, anapeza thonje lotchinga kuzizira lili nyowe, thabwa la kuseri litada ndi nkhungu.

Mmisiriyo, bambo wachikulire wosapupuluma, ndiye anatifotokozera mmene khoma lotere limagwirira ntchito. Timatabwato sitimatidwa ngati pulasitala. Timangokolekedwa, ndipo misomali yake sakhomera mpaka kumapeto, chifukwa pulasitiki amatalika kukatentha n'kufupika kukazizira. Kathabwa ka mamita atatu ndi theka kamatha kusuntha pafupifupi sentimita imodzi. Kunsi kwa kathabwa kalikonse kuli timabowo totulutsira madzi amene alowa kuseri. Zonsezi anazikonzera mvula yochokera kumwamba. Madzi ochokera pansi mwamphamvu amalowa m'mipata yomweyo, ndipo ngati pepala lotchinga madzi la kuseri linaikidwa molakwika pazenera, monga zinalili kwathu, amafika mpaka m'kati. Tinafunsa ngati tingatseke timabowoto. Anapukusa mutu, nati mukatero mwatsekera madzi m'nyumba.

Ndalama imene inapita pokonza khoma limenelo sitifuna n'kuikumbukira komwe. Mwana anagona pabalaza mwezi wathunthu.

Masiku ano timachapa kamodzi pachaka, mu May, tsiku la mitambo kuti madzi a sopo asaumire pakhoma. Mu ndowa timathira magawo 7 a madzi ndi magawo atatu a viniga woyera. Timatenga bulashi yofewa ya mpini wautali, n'kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi. Mukayambira pamwamba, madzi akuda amatsikira pa khoma louma n'kusiya mizere yovuta kuchotsa. Potsukuluza ndiye timayambira pamwamba, ndi paipi wamba yothirira maluwa, madzi akuloza pansi. Waya wokwechera mapoto ayi, amakanda, ndipo m'mikwingwirimamo ndi mmene litsiro limadzakhazikika.

Pamene ndere zakanirira timagwiritsa ntchito mankhwala oyeretsera zovala aja kwathu timangoti Jik, gawo limodzi pa magawo anayi a madzi, titavala magolovesi ndiponso titathirira kaye maluwa a m'mphepete. Apa chonde tcherani khutu. Jik asakumane ndi viniga, chifukwa zimatulutsa mpweya wa klorini. Asakumanenso ndi mankhwala opukutira magalasi okhala ndi amoniya, chifukwa nazonso zimatulutsa mpweya wowotcha maso ndi mapapo. Ife timachita tsiku la viniga palokha, la Jik palokha, ndowa yotsukidwa bwino, ndipo mnyamata wa mphumu uja amakhala m'nyumba mazenera otseka.

Zina tinaphunzira mosavutikira kwambiri. Mbaula yootchera chimanga tinaiyandikiza kukhoma tsiku lina, kathabwa kamodzi n'kupindika ngati kandulo. M'nyengo ya chipale chofewa pulasitiki amauma gwa, moti mpira wa ana unaswa kena mu January. Ubwino wake, kathabwa kosweka kamasololedwa kokha n'kuikapo kena. Eni nyumba akale anasiya totsala tisanu m'galaja. Tatsopanoto n'towala kuposa tinzake timene tapsa ndi dzuwa, choncho khoma lathu la kuseri lili ndi zigamba ziwiri zoonekera patali. Nthambi za mtengo uja tinazidulira kuti mphepo izidutsa, ndipo bedi la mnyamatayu tinalisunthira kukhoma la m'kati.