Ana a m'mafamu akwereko Nyangani

Ana a m'makomboni a mafamu a ku Marondera ndi Mvurwi amakula akuona minda ya fodya ndi timapiri ta miyala, koma ambiri sanapondepo Nyangani, phiri lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, mamita 2,592. Kukwera ndi kutsika n'kwa tsiku limodzi. Chofunika n'kulawira m'mamawa, kunyamula madzi ndi juzi, komanso kukhala ndi wotsogolera, chifukwa nkhungu imatsika mwadzidzidzi njira n'kusokonekera, ndipo anthu asowerapo kumeneko.

Ndimalakalaka masukulu a m'mafamu atamawatengerako anawa. Mapiri aatali si achilendo m'mabanja mwawo: agogo awo ambiri anachokera ku Malawi, ena m'munsi mwenimweni mwa phiri la Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002 ndipo okwera amagona m'tinyumba ta pamwamba monga Chisepo. Aphunzitsi, bwanji tisakambirane za ulendowu?