Kalata kwa mphwanga amene akuwerenga Macbeth

Wokondedwa mphwanga,

 Amalume ako amva kwa mayi ako kuti m'kalasi mwanu mwafika pa sewero la Macbeth pokonzekera mayeso a MSCE, ndiponso kuti iwe ndi anzako mwagamula kale mlandu: akuti Macbeth anali munthu wabwinobwino, koma afiti atatu ndi mkazi wake ndiwo anamuwononga. Chigamulo chimenecho ndicho chawagwiritsa cholembera amalume ako. Sewerolo silikunena choncho, ndipo wophunzira wolemba zotero pamayeso amataya malikisi komanso amaphonya chimene William Shakespeare anachiika poyera.

Sewerolo linalembedwa cha m'ma 1606, patangopita zaka zitatu James VI wa ku Scotland atalowanso ufumu wa England mu 1603. Mfumuyi ndiyo inkathandiza gulu la zisudzo la Shakespeare, mpaka gululo linayamba kutchedwa King's Men. James ankaopa ufiti kwabasi. Mu 1590 anakhalapo yekha pofunsa anthu amene ankaganiziridwa, pa milandu ya ku North Berwick, kuti anautsa namondwe kuti amize chombo chake, ndipo mu 1597 anatulutsa buku lake la za ufiti lotchedwa Daemonologie. Mu November 1605 kunaululika chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ku London mfumu ili momwemo. Anthu oyamba kuonera Macbeth sankaiona nkhani yopha mfumu ngati nthano ya kalekale.

Nkhaniyi Shakespeare anaitenga m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, n'kuikonza mwa iye yekha. M'bukulo Banquo, mnzake wa Macbeth, anathandizana naye popha Mfumu Duncan; m'sewero ndi wosalakwa, popeza James ankakhulupirira kuti ndi chidzukulu cha Banquo. Macbeth weniweni analamulira Scotland zaka 17, kuyambira 1040 mpaka 1057. Duncan anaphedwa pankhondo kufupi ndi Elgin, osati ali m'tulo, ndipo ufumu wa Macbeth unakhazikika moti mu 1050 anatha kusiya dziko n'kupita ku Rome pa ulendo wachipembedzo. Zimenezi n'zabwino kuzidziwa, koma pamayeso amafunsa za Macbeth wa m'sewero.

Tsopano utsegule bukulo, uone bwino ndondomeko ya zochitika, chifukwa nkhani yonse ya ulosi yagona pamenepo. Pa gawo 1, kagawo 2, Mfumu Duncan walamula kale kuti Thane wa Cawdor, amene anapandukira dziko, aphedwe ndipo udindo wake upatsidwe kwa Macbeth. Ross wanyamuka kale kukapereka uthengawo. Afiti akumana ndi Macbeth pa kagawo 3, nkhaniyo itatha kale kubwalo la mfumu. Akamutchula kuti Thane wa Cawdor, akungomuuza chinthu chimene oonera akuchidziwa koma iye sanachimve. Chotsala ndi chimodzi, choti adzakhala mfumu. Sakumuuza tsiku, sakumuuza njira, ndipo mawu oti "upha" satuluka pakamwa pawo.

Amene wabweretsa kupha m'nkhaniyi ndi Macbeth mwiniwake. Banquo, yemwe waima pambali pake, akuona mnzakeyo akudzidzimuka ngati wamva zoopsa pamene wamva zabwino, ndipo akumufunsa chifukwa chake. Uthenga wa Ross utangofika, Macbeth akuyamba kudziyankhulira, ndipo akuvomera kuti m'mutu mwake mwabwera chithunzi choimitsa tsitsi ndi kugunditsa mtima. Apa n'kuti mkazi wake asanamve kanthu kalikonse. Pomwepo akuganizanso kuti ngati mwayi ukufuna kumuveka ufumu, ungathe kutero iye atakhala phee. Njira yodikira ankaidziwa. Banquo naye analoseredwa zazikulu, kuti ana ake adzakhala mafumu, koma iye akuchenjeza kuti mphamvu za mdima zimayamba ndi kunena zoona zing'onozing'ono kuti zimukole munthu pa zazikulu, ndipo sakweza dzanja pa wina aliyense. Amuna awiri, malo amodzi, mawu a amayi omwewo. Wolemba mayeso akafunsa za ntchito ya afiti, yankho labwino limayambira pa kusiyana kwa anthu awiriwa.

Chimene chikumufulumizitsa chili pa kagawo 4, pamene Duncan akulengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye adzalowe ufumu. Kwa mwana wa kwathu izi sizivuta kumva, chifukwa pakati pa Achewa ufumu sugwera mwana wa mfumu, umatsata kuchikazi ndipo mbumba imakhalirana pansi kuti isankhe. Ku Scotland wa nthawi imeneyo nakonso mwana sankangolowa m'malo mwa bambo ake. Wachibale wina wamphamvu wa banja lachifumu ankatha kuyembekezera. Macbeth ndi mbale wa Duncan ndiponso ngwazi ya nkhondo. Atamva dzina la Malcolm, akuona kuti khomo latsekeka, ndipo akupempha nyenyezi kuti zibise kuwala kwake.

Amalume ako sakumuyeretsa Lady Macbeth. Mayiyu akuitana mizimu kuti imuchotse chifundo, akukonza zoledzeretsa alonda, ndipo akumunyoza mwamuna wake kuti ndi wamantha, si mwamuna. Koma uwerenge gawo 1, kagawo 7 pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Macbeth ali yekha, alendo akudya m'chipinda china, ndipo akudziwerengera zifukwa zosaphera Duncan: ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndi mlendo m'nyumba mwake amene iye ayenera kumutsekera chitseko kuti wakupha asalowe, komanso wakhala akulamulira mofatsa. Akufufuza chifukwa cha mbali inayo, sakupeza china koma khumbo lake la mpando, ndipo akulitchula yekha. Akuuza mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pompo. Mkaziyo atamuzazira, Macbeth sakufunsanso ngati kupha n'koyenera. Akungofunsa kuti nanga zikakanika. Atamva kuti mlandu udzagwera alonda oledzera, mtima ukukhala m'malo. Munthu wolodzedwa sawerengera zifukwa chotero. Uyu akudziwa chimene akuchita, ndipo n'chifukwa chake sewerolo limawawa.

Pa mfundo iyi amalume ako akulemba mtima uli m'mwamba. Kuloza ufiti pa tsoka lililonse kwaphetsa anthu kwathu kuno. Mu January 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa atanamiziridwa kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana wina, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mwana wa sukulu akazolowera kunena kuti "anamulodza" m'malo mofufuza amene anasankha ndi amene anagwira mpeni, chizolowezicho sichithera m'kalasi.

Nkhani ya chikumbumtima uitsate pa anthu awiriwa limodzi, chifukwa akuyenda mosemphana. Usiku wa kuphako Macbeth ndiye wasweka. Watuluka m'chipinda cha Duncan atanyamula mipeni imene anayenera kuisiya, akudandaula kuti mawu oti amen anamukanika pakhosi pamene wina ankapemphera, ndipo akuti wamva liwu lonena kuti sadzagonanso. Akukana kubwerera m'chipindamo. Mkazi wake ndiye akulanda mipeniyo, kukapaka alonda magazi, n'kubwerako akunena kuti timadzi tochepa tithetsa zonse. Komabe ngakhale pamenepo pali mng'alu: mayiyu anali atavomera kale kuti akanapha yekha Duncan, kungoti nkhalambayo ili m'tulo inafanana ndi bambo ake.

Ukafika pa gawo 5, kagawo 1, zinthu zatembenuka. Lady Macbeth akuyenda ali m'tulo, nyali ili m'manja chifukwa walamula kuti kuwala kusamachoke pambali pake. Akupukuta manja amene alibe kanthu, akumva fungo la magazi, akutchula nkhalamba ija, mkazi wa Macduff ndi Banquo. Dokotala ndi mayi womutumikira aima chapatali akumvetsera, ndipo dokotalayo akuti matendawa akufuna wansembe kuposa mankhwala. Pamene mkaziyo akutha chonchi, mwamunayo wauma mtima moti atamva kulira kwa amayi m'nyumba akuti waiwala n'komwe mmene mantha amakhalira. Atauzidwa kuti mkazi wake wamwalira, sakukhetsa msozi, akungoona moyo wonse ngati phokoso lopanda tanthauzo.

Pakati pa mausiku awiriwa pali imfa zimene mkaziyo sanazikonze. Macbeth akulemba ganyu anthu oti aphe Banquo ndi mwana wake Fleance, n'kumubisira mkazi wake. Apa akulimbana ndi ulosi womwewo umene anaukhulupirira pomwe unkamukomera, ndipo akulephera, chifukwa Fleance wathawa. Mzukwa wa Banquo ukukhala pampando wake paphwando, iye yekha ndiye akuuona, ndipo alendo akubalalika chakudya chili patebulo. Kenako akupita yekha kukafuna afiti aja. Poyamba iwo ndiwo anamudikirira panjira. Tsopano ndiye akuwasaka.

Zimene akumva pa gawo 4 ndi mawu a pawiri: achenjere ndi Macduff, palibe wobadwa mwa mkazi amene angamupweteke, ndipo sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itasamukira ku phiri la Dunsinane. Anthu a mu 1606 kayankhulidwe kotere ankakadziwa bwino. Wansembe Henry Garnet, amene ananyongedwa chaka chomwecho pa mlandu wa chiwembu chija chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo, anatchuka ndi chiphunzitso choti munthu angathe kuyankha mawu oona pang'ono n'kubisa tanthauzo lake mumtima, ndipo mlonda woledzera wa pachipata pa gawo 2, kagawo 3 amaseka anthu otere. Macbeth akusankha kumva mbali yomukomera yokha. Ngakhale wauzidwa kuti ndi wotetezeka, akutumiza anthu ku Fife kukapha mkazi wa Macduff ndi ana ake, imfa zimene palibe ulosi unazifuna ndipo sizikumupindulira kanthu. Kumapeto asilikali a Malcolm akudula nthambi za ku Birnam kuti abise kuchuluka kwawo, ndipo Macduff akuulula kuti sanabadwe mwa njira ya masiku onse, anachita kumutulutsa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane.

Usaope Chingerezi chake chakale. Mwa masewero onse a tsoka a Shakespeare ili ndiye lalifupi, ndipo linalembedwa kuti limveke m'makutu. Mugawane mbali ndi anzako, muwerenge mokweza, wina akhale Banquo wina Macbeth, mudzaona kuti ziganizo zovuta zikumasuka zokha. Ku South Africa, Welcome Msomi analisandutsa sewero la Chizulu lotchedwa uMabatha mu 1970, ndipo mu 1972 linakaonetsedwa ku London. Inunso mungathe kuyesa kagawo kamodzi m'Chichewa kuti muone ngati mwamvadi, kenako n'kubwerera ku mawu enieniwo, popeza pamayeso muyenera kuloza gawo ndi kagawo pamene pali umboni wanu. Timabuku ta mayankho okonzeratu utigwiritse ntchito ukamaliza kuwerenga sewero lenilenilo, osati m'malo mwake.

Pa tchuthi ubwere ndi bukulo komanso tsamba limodzi lolemba pamanja, loyankha funso ili: n'chifukwa chiyani Macbeth anamubisira mkazi wake za kupha Banquo, pamene za Duncan anapangana naye zonse? Upereke moni kwa mayi ako ndi abale ako onse, ndipo uwauze mayi akowo kuti ndalama ya mayeso itumizidwa mwezi uno usanathe.

Amalume ako