Mphunzitsi mmodzi sangaone zonse

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 pasukulu ina ya CDSS kwathu kuno. Teremu yatha anayamba kujomba, ine osadziwa. Ndinapita kusukuluko nditakwiya, koma ndinapeza kuti mphunzitsi mmodzi yekha ndiye akuphunzitsa Masamu, Physics ndi Chemistry kuyambira Fomu 1 mpaka 4. Mkwiyo wonse unathera pomwepo. Munthu wotopa chotere angazindikire bwanji kuti mwana wina sanabwere?

Anatulukira vuto ndi amayi a Mother Group: anyamata ena ankamuvutitsa panjira. Pasukulupo palibe mlangizi woti atsikana n'kumamuuza zakukhosi.

Mayeso a MSCE ayandikira. Akuluakulu a zamaphunziro, titumizireni aphunzitsi ndi alangizi ana athu asanasiye sukulu.