Nkhalamba Ziwiri ndi Nthenda ya Mtima

Abale okondedwa a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, tamverani zimene tidaona ndi maso athu.

Chaka chatha, nyengo yothyola fodya, tidaitanidwa kawiri kwa odwala. Oyamba adali agogo ena, aphunzitsi opuma pa nchito. Chifuwa chidawalemera ngati awasanjika mwala, ululu nutsikira ku mkono wamanzere, thukuta lili kamukamu. Mwana wao wa ku Lilongwe amawasonkhera ndalama mwezi ndi mwezi ku bungwe la inshuwaransi ya matenda, lonija la MASM. Tsiku lomwelo galimoto idawatengera ku chipatala cholipira, kumene adawapima mtima ndi makina a ECG nawapatsa mankhwala. Lero akulima dimba lao.

Achiwiri adali alimi, a msinkhu womwewo. Iwo adati nchilungulira chabe. Banja lidadikira kuti kuche, kenaka lidayamba kufuna wogula mbuzi kuti lipeze ndalama ya ulendo. Pofika ku chipatala dzuwa lili paliwombo, mtima udali utaonongeka. Tidawaika Lachisanu. Ifenso mlandu tili nao, pakuti mthenga adatipeza usiku, koma tidati, "Tidzafika m'mawa," osawauza kuti anyamuke pompo.

Kodi ndalama ndiyo idasiyanitsa awiriwa? Inde, koma osati yokha ai. Nthenda iyi imadza magazi akaundana natseka mtsempha wodyetsa mtima. Ora lililonse mnofu wa mtima umanka nufa, ndipo wakufawo sutsitsimukanso. Inshuwaransi siichiza munthu, imangochotsa funso lochedwetsa lija lakuti, "Tikalipira chiani?" Ena imawafikitsa mpaka ku India kukachitidwa opaleshoni. Koma dziwani kuti mabungwe otere kawirikawiri salipira msanga nthenda imene munthu adalowa nayo kale. Chotero wofuna kulembetsa makolo ake asadikire kuti agwe.

Nanga ife osauka titani? Zipatala za boma ku Dowa, Mponela, Ntchisi ndi ku Kamuzu Central nzaulere. Za mishoni ku Madisi ndi Mtengowanthenga zimalandira ndalama. Chimene chimatisowa kwambiri ndi ndalama ya ulendo. Tsono mutu umodzi susenza denga: mabanja khumi atasonkha pang'ono pokolola, nasungitsa kwa munthu wokhulupirika, mbuzi singachedwetsenso wodwala.

Chinanso, kafukufuku wa mu 2009 adapeza kuti mwa akulu atatu alionse a m'Malawi, mmodzi ali ndi nthenda yothamanga magazi, imene imatsegulira khomo nthenda ya mtima. Perekezani makolo anu akapimidwe, angakhale sakumva kupweteka.

Ndipo agogo akagwira pachifuwa, thukuta lili kutsika, musadikire tambala. Nyamukani usiku womwewo. Tsalani bwino nonse.